Kuchiza Mtima Poboola Mutu

Nditangoyamba ntchito ya uphunzitsi, pa sukulu ina yakumudzi ndidapezako bambo wina amene ana onse adali kumukonda. Iyeyu ndiye adali kuphunzitsa masamu ku Sitandade 8, ndiye adali kutsogolera kwaya, ndipo Loweruka likafika ndiye adali kuimba wezulo ku bwalo la mpira. Chaka china, popanda maliro kapena mlandu uliwonse umene tikadauloza chala, bamboyo adayamba kuzilala ngati moto wa mapesi. Nthabwala zidatha, kwaya idafa, makope a ana adaunjikana pa tebulo osachongedwa. Pa nthawi yopuma iye adali kungokhala duu pansi pa mtengo wa mango, maso ali pansi. Ena tidati ndi ulesi, ena adati ndi ngongole, enanso adanong'onezana za ufiti. Ine ndemwe tsiku lina ndidamuuza kuti, "Achimwene, limbani mtima, mwamuna salira." Iye adandiyang'ana nthawi yaitali nati, "Aphunzitsi, ndikadakhala kuti ndikutha kulira, bwenzi zili bwino. M'katimu mulibe kanthu." Chaka chisanathe tidakamuika m'manda, atadzichotsera yekha moyo.

Papita zaka zoposa 30 koma mawu amenewo sadachokebe m'makutu mwanga. Tsopano madokotala a m'mayiko ena akuyesa kuchiza nthenda imene idatenga mnzangayo poboola chibade cha wodwala ndi kulowetsa tiwaya ta magetsi m'kati mwa ubongo. Nkhaniyi yandiutsira funso limene ndifuna kuti tisinkhesinkhe pamodzi: kodi n'koyenera kuti munthu asinthe mtima wa munthu mnzake ndi mphamvu ya batire? Mnzanga uja akadakhala ndi mwayi wotere, kodi ndikadamulangiza kuti avomere?

Poyamba tisiyanitse chisoni ndi nthenda. Chisoni ndi mlendo wofika pakhomo pa aliyense. Wolephera mayeso amakhumudwa, woferedwa amalira, wosiyidwa ndi bwenzi amasowa tulo. Chisoni chotere chili ndi tsinde lake lodziwika, ndipo masiku akamapita chimapepuka. Koma nthenda imene madokotala amaitcha depression, imene ife tingaitche nthenda ya kukhumudwa, ndi chinthu china. Imakhala milungu, miyezi, mwinanso zaka. Imalanda tulo, imalanda chilakolako cha chakudya, imalanda mphamvu yoganiza ndi kusankha. Choopsa koposa n'chakuti imamunamiza munthu kuti ndi wopanda pake, ndi kuti abale ake akadapumula iye akadachoka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limawerengera kuti anthu oposa 280 miliyoni ali ndi nthendayi, ndi kuti chaka chilichonse anthu oposa 700,000 amadzipha. Nthenda ya kukhumudwa ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu za imfa zoterezi.

Mwamwayi nthendayi imachizika. Ambiri amachira ndi uphungu, ena ndi mapiritsi, ena ndi zonse ziwiri. Komabe alipo ena, pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse, amene amasintha mankhwala kangapo osachira kwenikweni. Pakati pa amenewa pali kagulu kochepa kamene kayesa zonse kwa zaka zambiri osaphula kanthu. Opaleshoni imene tikukambayi adaikonzera kagulu kameneka, osati aliyense amene wadzuka nkhope ili ndwii.

Pa Chingerezi opaleshoniyi amaitcha deep brain stimulation, kutanthauza kutakasa mbali zakuya za ubongo ndi magetsi. Dokotala amayamba wajambula ubongo wa wodwala ndi makina kuti adziwe malo enieni oti afikepo. Kenaka amaboola timabowo tiwiri pa chibade nalowetsa tiwaya tiwiri, kena kumanja kena kumanzere, tonenepa kupitirira pang'ono milimita imodzi. Tiwayato amatilumikiza ku zingwe zodutsa pansi pa khungu, kuseri kwa khutu, kutsika m'khosi mpaka pachifuwa, pamene amakwirirapo kabokosi ka batire kofanana kukula ndi bokosi la machesi. Kabokosiko kamatumiza timphamvu ta magetsi, kawirikawiri maulendo 130 pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku. Dokotala angathe kuonjezera, kuchepetsa kapena kuzimitsa mphamvuyo popanda kung'ambanso khungu. Koma walira mvula walira matope: magazi angathe kuchucha m'kati mwa ubongo, bala lingathe kuchita mafinya, waya angathe kuduka, ndipo batire likatha pamafunika opaleshoni ina.

Njirayi siidayambire pa nthenda za maganizo. Mu 1987, ku Grenoble m'dziko la France, dokotala Alim-Louis Benabid adaona kuti magetsi othamanga chotero amaletsa kunjenjemera kwa manja. Kuchokera nthawi imeneyo anthu oposa 150,000 aikidwa tiwayati, ambiri a iwo odwala nthenda ya Parkinson, imene imanjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi. Amene adaganiza zoyesa njirayi pa nthenda ya kukhumudwa ndi mayi wina wa ku America, dokotala Helen Mayberg. Iye adatha zaka zambiri akujambula ubongo wa odwala, ndipo adaona kuti kambali kena kakang'ono, kamene akatswiri amakatcha Area 25, osati ya ku Lilongwe ija ayi, kamagwira ntchito mopitirira muyeso mwa anthu okhumudwa, ndi kuti wodwala akachira ndi mankhwala kambaliko kamadekha. Tsono adadzifunsa kuti: nanga ngati mankhwala alephera kukadekhetsa, magetsi sangathe kodi? Mu 2003, ku Toronto m'dziko la Canada, iye pamodzi ndi dokotala wa opaleshoni Andres Lozano adayamba kuika tiwaya pamalo amenewo. Mu 2005 adalengeza zotsatira zake: mwa odwala 6 amene chithandizo chilichonse chidawakanika, 4 adapeza bwino kwambiri pofika miyezi 6. Poti opaleshoniyo inkachitika odwala ali maso, ena adafotokoza pomwepo, magetsi atangoyatsidwa, kuti mtima wakhala pansi ndipo chipindacho chawala.

Apa ndi pamene munthu woganiza amayamba kudodoma. M'chiyankhulo chathu chisoni ndi chimwemwe timaziika mumtima. Timati wasweka mtima, wataya mtima, wakhazika mtima pansi. Tikamatero sitinena za chiwalo chopopa magazi ayi, koma za munthu weniweniyo, mwini wake wa thupi. Tsono ngati mtendere wa mumtima ungayatsidwe ndi kuzimitsidwa ngati nyali, munthu ndiye chiyani?

Funsoli si lachibwana. Mu 1999 madokotala a ku Paris adalemba za mayi wina wa zaka 65 amene adamuika tiwaya chifukwa cha nthenda ya Parkinson. Mayiyo adali asanadwalepo nthenda ya kukhumudwa moyo wake wonse. Pamene adali kuyesa magetsi, adayatsa mbali ya waya imene idali mamilimita ochepa kunsi kwa malo oyenera. Posakhalitsa nkhope ya mayiyo idagwa, adayamba kulira, nanena kuti ndi wachabechabe ndipo moyo watopa nawo. Atazimitsa magetsiwo, pasanathe mphindi ziwiri chisoni chonsecho chidangoti balala, mayiyo nayamba kuseka ndi madokotala. Wina pomva zimenezi angati: basi, munthu ndi makina chabe, ndipo chimwemwe chochokera m'batire ndi chabodza monga chidalili chisoni cha mayi uja.

Ine sindivomereza. Nkhani ya ku Paris ikutiphunzitsa chinthu chimene ife pa sukulu ija sitidachidziwe, chakuti munthu angathe kugwidwa ndi mdima woopsa popanda tchimo, ulesi kapena ufiti, kungoti kambali kena ka ubongo kasokonezeka. Kuti maganizo amadalira thupi si nkhani yachilendo. Mwana akagwidwa ndi malungo a mu ubongo amabwebweta, saazindikira ngakhale amayi ake. Akalandira mankhwala nzeru zake zimabwerera, ndipo palibe kholo limene limanena kuti nzeru zimenezo ndi za mankhwala, si za mwana wanga. Wophunzira wosaona bwino akavala magalasi, zilembo zimene akuziona pa bolodi si zabodza. Magalasi sadalembe zilembozo, angochotsa chifunga.

Komabe tisathamangire kunena kuti chilichonse chopepula mtima n'chabwino, poti mowa ndi chamba nazonso zimapepula mtima. Kusiyana kwake kuli apa. Mowa umapatsa munthu chimwemwe chosayang'ana zimene zikuchitika: woledzera amaseka pamaliro, amaimba nyumba ikupsa. Kuchira kwenikweni kumamubwezera munthu mtima womva, umene umasangalala paukwati ndi kulira pamaliro. Mayberg wakhala akufotokoza kuti magetsiwa sapanga chimwemwe, koma amachotsa ululu umene udamanga munthu, ndipo kuti wodwala amafunikabe uphungu ndi miyezi yambiri yophunziranso kugwira ntchito ndi kukhala ndi anthu. Zili ngati mlimi wochotsa chipika chimene chatseka ngalande ya kudimba. Madzi akayamba kuyenda, madziwo ndi a mtsinje, si a khasu ayi. Mnzanga uja sadapemphe chimwemwe. Adalakalaka kutha kulira. Choncho muyeso woyamba wa chithandizo chilichonse cha maganizo ndi uwu: kodi chamubwezera munthu kwa mwini wake, kapena chaika mlendo m'malo mwake?

Muyeso umenewu udaphwanyidwapo kale, ndipo amene adauphwanya adali anthu ophunzira kwambiri. Mu 1935, ku Lisbon m'dziko la Portugal, dokotala Egas Moniz ndi mnzake Almeida Lima adayamba kuchiza odwala maganizo podula mitsempha ya mbali yakutsogolo ya ubongo. Dziko lidaomba m'manja, ndipo mu 1949 Moniz adalandira mphotho ya Nobel. Ku America dokotala Walter Freeman adaifewetsa ntchitoyi, imene idadziwika ndi dzina lakuti lobotomy. Kuyambira mu 1946 iye adali kulowetsa chitsulo chosongoka pamwamba pa diso, nachikhoma ndi kanyundo mpaka chitalowa mu ubongo, ntchito yonse n'kutha m'mphindi zochepa. Adayendayenda m'zipatala zambiri nachita maopaleshoni pafupifupi 3,500, ena mwa iwo pa ana. Ku America kokha anthu pafupifupi 40,000 adadulidwa ubongo motero. Mmodzi wa iwo adali Rosemary Kennedy, mlongo wa John F. Kennedy amene pambuyo pake adakhala mtsogoleri wa dzikolo. Mu 1941, ali ndi zaka 23, bambo ake adamupereka ku opaleshoniyi chifukwa cha kupsa mtima ndi kusamvera kwake. Adatulukako wosatha kuyankhula bwino kapena kudzisamala, ndipo adakhala mosungidwa mpaka imfa yake mu 2005.

Kodi anthu anzeru adasokera bwanji chotero? Adasokera chifukwa adayesa kuchira ndi muyeso wolakwika. Wodwala amene adali kufuula akangoti zii, iwo ankati wachira. Chipatala chidapeza bata, abale adapumula, koma mwini wakeyo nthawi zambiri adatsala chikhungwa, wopanda chidwi, wopanda manyazi, wopanda maloto a mawa. Adachiza mavuto a anthu omuzungulira, osati a wodwalayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mchitidwewu udayamba kutha m'zaka za m'ma 1950 pamene mankhwala oyamba a nthenda za maganizo adapezeka, ndipo Freeman adaletsedwa mu 1967 wodwala wake wina atamwalira.

Kungakhale kupanda chilungamo kunena kuti opaleshoni ya tiwaya ndi lobotomy yovala malaya atsopano. Ya makedzana ija inkaononga ubongo kosabwezeka, pamene ya lero siidula mitsempha, mphamvu yake imasinthika, ndipo tiwaya tingathe kuchotsedwa. Lero palinso makomiti oona za ufulu wa odwala amene amayenera kuvomereza kafukufuku asanayambe. Koma yesero lija la kufuna munthu wosavuta m'malo mwa munthu wochira silidafe, chifukwa limakhala m'mitima ya anthu, osati m'zitsulo. Tsono funso lachiwiri ndi ili: chozimitsira chili m'manja mwa yani?

Mu 2004 madokotala a ku Netherlands adalemba nkhani imene imaonetsa kulemera kwa funsoli. Bambo wina wa zaka 62, wodwala Parkinson, adaikidwa tiwaya. Magetsi akayaka thupi lake linkamasuka nayenda bwino, koma mutu unkathamanga: ankamwaza ndalama, kulowa m'ngongole, ndi kuchita zinthu zimene kale sakadachita, ndipo mankhwala adalephera kumudekhetsa. Magetsi akazima nzeru zinkabwerera zonse, koma thupi linkauma kotero kuti sankatha kudzuka pa kama. Panalibe njira yapakati. Kodi bambo weniweni adali uti, woyenda wopanda nzeru kapena wanzeru wosayenda? Madokotala sadamusankhire. Adazimitsa magetsi, nadikira kuti nzeru zibwerere, namufunsa. Iye adasankha kuti magetsi ayake, ngakhale kuti izi zidatanthauza kukakhala m'chipatala cha odwala maganizo. Ena a inu mungaone kuti adasankha molakwa. Koma moyo udali wake, ndipo adafunsidwa pa nthawi imene adali wokhoza kuyankha. Kumeneko ndiko kulemekeza munthu.

Pa nthenda ya kukhumudwa nkhani ya chilolezo imavutirapo. Munthu wokokoloka ndi madzi amagwira chilichonse, ngakhale bango lakuthwa. Amene wazunzika zaka 10 angathe kusaina pepala lililonse osawerenga, mwinanso osasamala ngati adzadzuka pa tebulo la opaleshoni. Kodi "inde" wa munthu wotere ndi "inde" weniweni? Komanso taonani mbali inayo. Tikanena kuti wokhumudwa sangadzisankhire, tamulanda ulemu wake kachiwiri, nthenda itamulanda kale koyamba. Nthendayi imadetsa chiyembekezo, koma odwala ambiri amamva bwinobwino zimene akuuzidwa ndipo amatha kuziyesa pa sikelo. Kumukaniza chithandizo chimene chingamupulumutse pofuna kumuteteza kuli ngati kumana wanjala chakudya poopa kuti chingamutsamwe.

Nzeru ya makolo athu ingatithandize pano. Pa nkhani yaikulu ngati ukwati, mnyamata ndi mtsikana amasankhana okha, koma pamakhala ankhoswe oona kuti palibe wonamizidwa kapena wokakamizidwa. Mutu umodzi susenza denga. Chilolezo cha opaleshoni yotere chisakhale cha tsiku limodzi. Wodwala afotokozeredwe kangapo, pakhale mbale amene iye mwini wamusankha, pakhalenso dokotala wina amene sapindula kanthu ndi kafukufukuyo. Agwirizaniretu za amene angasinthe mphamvu ya magetsi, ndi zoyenera kuchita ngati khalidwe la wodwalayo litasintha iye osazindikira. Koma ankhoswe sakwatira m'malo mwa mwini ukwati. Mawu otsiriza akhale a mwini mutu.

Chilolezo chimakhala chopanda pake ngati wochipereka sadauzidwe zoona, ndipo zoona zake n'zakuti opaleshoniyi siidatsimikizikebe. Zotsatira za odwala 6 a ku Toronto zidasangalatsa anthu, koma odwala 6 ndi ochepa, ndipo chiyembekezo pachokha chimatha kupepula munthu kwa kanthawi. Pofuna kupeza choonadi, kampani ya St. Jude Medical idalipirira kafukufuku wamkulu wotchedwa BROADEN. Odwala 90 adaikidwa tiwaya. Kwa miyezi 6, magetsi adayatsidwa mwa 60 koma mwa 30 adali ozima, ndipo odwalawo sadadziwe gulu limene adalimo. Zotsatira zimene zidafalitsidwa mu 2017 zidagwetsa anthu mphwayi: mwa oyatsiridwa, 20 mwa 100 alionse adapeza bwino, ndipo mwa osayatsiridwa adali 17 mwa 100 alionse. Kusiyana kotere sikutsimikiza kanthu, ndipo kafukufukuyo adaimitsidwa asanafike kumapeto. Komabe odwala amene adapitiriza ndi magetsi oyaka kwa zaka ziwiri, pafupifupi theka la iwo adapeza bwino. Ochirikiza njirayi amati miyezi 6 idachepa, ndi kuti tiwaya tiyenera kugunda mphambano yeniyeni ya mitsempha, imene imasiyana munthu ndi munthu. Otsutsa amati popanda gulu loyerekezera sitingadziwe chimene chidachiza anthuwo.

Ntchito ikupitirirabe. Mu 2021 madokotala a ku San Francisco adalengeza za mayi wina wa zaka 36 amene adamuika kachipangizo komvetsera ubongo, kamene kamatumiza magetsi kwa masekondi 6 pokhapokha kakazindikira chizindikiro cha nthendayo, ndipo mayiyo adapeza bwino. Mu 2024 kampani ya Abbott idayambitsa kafukufuku wina wamkulu ku America. Zonsezi n'zopatsa chiyembekezo, koma munthu mmodzi si mudzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dokotala kapena mtolankhani amene angauze wodwala kuti mankhwala a nthendayi apezeka, pamene akadali kuyesedwa, wachimwira wodwalayo, chifukwa munthu amene chiyembekezo chake chotsiriza chasweka amagwa pansi kuposa pamene adali.

Palinso udindo wina umene anthu amauiwala, wa tsiku limene kafukufuku watha. Piritsi ukasiya kumwa limachoka m'thupi, koma waya amatsala m'mutu, ndipo amafuna batire ndi katswiri woliyang'anira moyo wonse. Ku Australia mayi wina wodwala khunyu adaikidwa kachipangizo mu 2010 komuchenjeza nthendayo isanamugwetse. Kadamusinthira moyo, nayamba kuyenda ndi kucheza mopanda mantha. Patapita zaka zochepa kampani yopanga kachipangizoko idagwa, ndipo kadachotsedwa iye asakufuna. Nthendayo ndi ina koma phunziro ndi lomwelo. Amene wabwereka mutu wa munthu kuti aphunzirirepo ali ndi ngongole kwa munthuyo, ndipo ngongoleyo siitha tsiku limene ndalama za kafukufuku zatha. Kumuolotsa munthu mpaka pakati pa mtsinje n'kumutsitsa m'bwato n'koipa kuposa kumusiya pagombe.

Mwina wina mwa inu akufunsa kuti: nanga zonsezi zikutikhudza bwanji ife, poti opaleshoni yotere imadya madola masauzande ambirimbiri ndipo ikuchitikira kutali? Ikutikhudza chifukwa nthendayo ili pakati pathu, m'midzi, m'makalasi ndi m'nyumba zogona ophunzira. Kuno kwathu madokotala a nthenda za maganizo ndi owerengeka, ndipo zipatala zodziwika pa ntchitoyi ndi Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kuphatikizapo anamwino ophunzira za maganizo m'zipatala za m'maboma. Kodi n'chilungamo kuti dziko lapansi lithire chuma chambiri pa mitu yowerengeka pamene miyandamiyanda ikusowa ngakhale munthu woimvetsera? Sindinena kuti kafukufukuyo aleke, chifukwa anthu amene zonse zawakanika nawonso ndi anthu, ndipo zimene akatswiri akuphunzira za ubongo zidzathandiza onse. Koma nyumba siyambira kudenga. Ku Harare m'dziko la Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda adayambitsa mu 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench. Adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kukambirana ndi anthu ovutika ndi chimene Ashona amachitcha kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri. Kafukufuku wa anthu 573 amene adafalitsidwa mu 2016 adaonetsa kuti patapita miyezi 6, mwa okhala pa benchi 14 mwa 100 alionse ndiwo adali ndi zizindikiro za nthendayi, pamene mwa olandira chithandizo cha masiku onse adali 50 mwa 100 alionse. Benchi ndi waya sizilimbana. Benchi ndi ya ambiri, ndipo ndiyo yoyambira. Waya ndi wa ochepa amene benchi ndi mapiritsi zawalephera.

Tsopano ndibwerere ku funso langa. Kodi n'koyenera kuchiza mtima poboola mutu? Yankho langa ndi lakuti inde, n'koyenera, chifukwa ubongo ndi chiwalo chimene chimadwala monga chiwindi kapena impso, ndipo kumusiya munthu m'ndende ya ululu poopa kukhudza mutu wake si ulemu koma mantha. Koma "inde" wangayu ali ndi zikhomo zake. Cholinga chikhale kumubwezera munthu kwa mwini wake, osati kumukhalitsa chete kuti ena apumule. Mwini mutu auzidwe zoona zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, ndipo chozimitsira chikhale pansi pa ulamuliro wake. Omuika tiwaya alonjeze kumusamala mpaka mapeto. Chimodzi mwa zikhomozi chikazuka, tabwerera ku kanyundo ka Freeman, ngakhale zipangizo zathu zitanyezimira chotani.

Mnzanga uja akadayesa zonse n'kulephera, ndipo zikhomozi zikadakhala m'malo mwake, ndikadamuperekeza ine ndemwe mpaka pakhomo la chipinda cha opaleshoni. Koma chimene chimandiwawa n'chakuti iye sadafike ngakhale pa sitepe yoyamba. Sadaonane ndi namwino, sadalawe piritsi, sadakhale pa benchi ndi womumvetsera. Adali ndi anzake asanu ndi awiri ophunzitsa nawo, ndipo tonse tidamudutsa pansi pa mtengo wa mango uja tsiku ndi tsiku. Ambiri a inu simudzagwirapo mpeni wa opaleshoni, ngakhale ndikhulupirira kuti ena mudzakhala madokotala ndipo mafunso awa adzakupezani. Koma aliyense wa inu ali ndi mnzake wokhala naye pa desiki. Mukadzaona kuti wasiya kudya, wasiya kuseka, akudzipatula ndipo akuyankhula zotaya moyo, musadzamuuze kuti mwamuna salira. Khalani naye pansi, mumvereni, ndipo muperekezeni kwa mphunzitsi, kwa kholo kapena kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati mdimawo uli mwa inu eni, kauzeni munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, pakuti ndi nthenda, ndipo imachizika. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.